Tcheni chikamakwecha pa Norton Commando: pezani chomwe chasuntha musanagwire tupa

Pa njinga zamoto zakale za ku England malo amene tcheni chakumbuyo chimadutsa ndi ochepa, koma pa Norton Commando ndiye ndi pothina zedi. Njingayi inapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1977, poyamba ya 745cc kenako ya 828cc kuyambira 1973. Sipuloketi yake yakutsogolo inabisika pakati pa giyabokosi ndi kava yamkati ya tcheni cha pulayimale, chija chimachoka ku injini kupita ku kilatchi. Mukasuzumira ndi tochi kuchokera kumbuyo mumaona kampata kochepa mbali zonse ziwiri. Kampata kameneko kanali kokwanira tcheni chimene anthu a ku Norton ankaika, cha mainchi 5/8 ndi 3/8, chomwe lero timagula ndi nambala ya 530. Ngati tsopano chikukwecha, ndiye kuti pali chimene chasintha: mwina mwaika chinthu chonenepa kuposa choyambacho, kapena chinthu china chatha n'kusuntha pamalo pake. Ntchito yonse yagona pa kupeza chimenecho. Kupala aluminiyamu ndi tupa kumangoletsa phokoso, koma chimene chinasunthacho chimapitirizabe kusuntha.

Khutu limathandiza musanamasule bawuti ngakhale imodzi. Imikani njinga pa sitandi yapakati, injini ikhale yozima, giya pa nyutulo, ndipo zungulitsani tayala lakumbuyo ndi dzanja pang'onopang'ono. Injini isalire ayi pochita zimenezi, chifukwa chala chikalowa pakati pa tcheni ndi sipuloketi sichibwerako chathunthu. Lembani choko pa tayala ndi pa joyini ya tcheni, kenako muwerenge. Tcheni cha Commando chili ndi mfundo pafupifupi 100 ndipo sipuloketi yakumbuyo ili ndi mano 42, choncho tayala limazungulira kawiri ndi pang'ono kuti joyini ibwerere pamene inayambira. Kugogoda kukamamveka kamodzi pa ulendo wonse wa tcheni, vuto lili pa mfundo imodzi, ndipo kawirikawiri ndi joyiniyo. Kukamamveka nthawi iliyonse tayala likazungulira, yang'anani sipuloketi yakumbuyo, limu kapena tayala. Kukwecha kosalekeza kumaloza tcheni chonenepa kapena masipuloketi osaloza mzere umodzi. Pali phokoso lina limene pa sitandi silimveka n'komwe, limangobwera pamsewu: lobwera mukamatsitsa moto limachokera ku tcheni chokhwepa chimene mbali yake yapamwamba ikumenya gadi ya tcheni kapena swingarm (mkono wopindika umene umagwira tayala lakumbuyo), pamene lobwera pa mabampu limatanthauza kuti tcheni chikumangika mashoko akafinyika.

Mukatero tsukani. Mafuta akuda osakanikirana ndi fumbi amabisa umboni wonse. Palafini ndi kaburashi n'zokwanira. Petulo ayi, makamaka ngati tchenicho chili ndi timphira tozungulira totsekera mafuta, totchedwa O-ring. Pakauma, fufuzani pamene pakuwala. Chitsulo chokhudzana ndi tcheni chimanyezimira, ndipo aluminiyamu amasiya kaufa kotuwa kokhala ngati phala m'mafuta. Malo oyang'ana ndi kuseri kwa kava yamkati ya pulayimale, thupi la giyabokosi kuseri kwa sipuloketi, mkati mwa gadi ya tcheni, pamwamba pa swingarm pafupi ndi pamene imapindikira, mutu wa bawuti yapansi ya shoko lakumanzere, ndi m'mbali mwa tayala. Onaninso tchenicho: mitu ya mapini ikawala mbali imodzi yokha, mwadziwa kale mbali imene chikugunda. Ngati zipsera zili zambiri ndipo simukudziwa chatsopano ndi chiti, pakani inki ya maka yakuda ponseponse, yendani kilomita imodzi kapena ziwiri, mubwere muone pamene yafufutika. Njinga ya zaka 50 imakhala ndi zipsera za eni ake onse akale, ndipo zina mwa izo zilibe nazo kanthu za lerozi.

Tsopano tcheni chenichenicho, chifukwa pa Commando zambiri ndi chimene chimakhala cholakwa. Nambala ya 530 imanena zinthu ziwiri zokha: mtunda wa pakati pa mapini, womwe ndi mamilimita 15.875, ndi mpata wamkati pamene dzino la sipuloketi limalowa, womwe ndi 9.53 mm. Za kunenepa kwa kunja sinena chilichonse. Tcheni wamba cha 530 chimakhala ndi mapini a 20 kapena 21 mm m'litali. Cholembedwa kuti ndi cholimba, cha mapuleti okhuthala, chimaposa pamenepo. Cha O-ring kapena X-ring chimafika 23 mpaka 25 mm, popeza pakati pa mapuleti pamakhala mphira mbali zonse ziwiri. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma mamilimita awiri mbali iliyonse ndiwo mpata wonse umene unalipo. Anthu amafuna tcheni cha O-ring chifukwa chimakhalitsa ndipo sichifuna kukungidwa pafupipafupi, ndipo sakulakwa kufuna zimenezo, koma paja walira mvula walira matope. Tengani vernier, chipangizo choyezera kunenepa kwa zinthu, yezani pini wamba, kenako yezani pini ya joyini payokha. Joyini ya loko, kachitsulo kotsekera mapini ake, imakhala yotalikirapo kuposa mapini enawo, ndipo imatuluka kwambiri mbali imene kuli lokoyo.

Loko ya joyini ikawala kapena kupyapyala, musayendenso mpaka mutasintha. Ikatha imathothoka, puleti n'kutuluka, tcheni n'kuduka, ndipo tcheni choduka pa liwiro chimaunjikana kutsogolo n'kuswa kava kapena thupi la giyabokosi, kapena kumanga tayala lakumbuyo. Loko yatsopano iikidwe mbali yake yotseka italoza kumene tcheni chikupita. Ena amatembenuza joyini kuti loko ikhale mbali imene kuli mpata wokulirapo. Zimathandiza ngati mwayeza mbali zonse ziwiri n'kupeza kuti kumeneko kulidi malo, osati kungoganiza.

Kuyeza mpata wobisikawo kuli ndi njira yosavuta. Matani kachidutswa ka pulasitisini (dongo loseweretsa ana) kuseri kwa kava pamene tcheni chimadutsa, zungulitsani tayala mpaka joyini itadutsapo, uku mukukankha tcheni ndi chala kulowera kumeneko, kenako chotsani kachidutswako muyeze kukhuthala kwa potsalapo. Mpata wosakwana 2 mm ndi wochepa kwambiri, popeza tcheni poyenda chimagwedera cham'mbali. Pakati pa tcheni ndi tayala pamafunika 5 kapena 6 mm, chifukwa tayala limafufuma likatentha komanso limapindika pa kona.

Pali njira ziwiri zabwino zothetsera vuto la kunenepaku. Yotchipa ndi kubwerera ku tcheni wamba cha 530 chopanda mphira, n'kuvomera kuchithira mafuta kawirikawiri. Ina ndi kusinthira ku 520 ya X-ring. Mtunda wa mapini ndi womwewo wa 15.875 mm, koma mpata wamkati ndi 6.35 mm, ndiye ngakhale chili ndi mphira kunenepa kwake konse kumafanana ndi 530 wamba. Koma tcheni cha 520 sichilowa pa mano a 530. Masipuloketi onse awiri ayenera kusinthidwa kapena kupalidwa pa makina mpaka mano atatsala pafupifupi 5.8 mm. Pa Commando za buleki ya dilamu kumbuyo, sipuloketi ndi dilamu ndi chitsulo chimodzi, choncho dilamu yonse ndi imene imapita kwa wa makina. Chofunika kumuuza momveka ndi chakuti apale mbali imodzimodzi pa masipuloketi onse awiri. Akapala yakutsogolo kunja ndi yakumbuyo mkati, mzere wa tcheni ukhala utakhota ndi mamilimita atatu, ndipo mwagula vuto latsopano ndi ndalama zanu. Mbali imene apale ndi imene tcheni chidzatalikirane nayo, ndiye sankhani potengera kumene zipsera zinali. Kuika tcheni cha 530 pa mano a 520 n'kotheka koma n'kosayenera, chifukwa chimayendayenda pa manowo ndi 3 mm.

Ngati tcheni ndi cha kukula koyenera koma chikukwechabe kavayo, ikayikireni kavayo. Pa Commando zambiri kava yamkati ya pulayimale imamangidwa ku injini ndi mabawuti atatu kutsogolo, ndipo pakati pake pali sitadi imodzi imene imagwiranso kava yakunja. Kuseri kwa kava, pa sitadi imeneyi, pamakhala mawashala oyezera. Ntchito yawo ndi kudzaza mpata ndendende kuti pomanga nati yakunja kava isapindike. Munthu akamasula n'kutaya mawashalawo, nati ikamangidwa imakokera mbali yakumbuyo ya kava mkati, molunjika pa tcheni. Kuti muone izi muyenera kumasula pulayimale yonse: kava yakunja, alternator, kilatchi (sipuling'i yake ndi ya mbale, imafuna chofinyira chake, musayese ndi sikuludilaiva), sipuloketi ya injini imene imafuna pula (chida chozulira), ndi tcheni cha mizere itatucho. Mangani kava yamkati ndi mabawuti atatu okhawo, kenako yezani ndi filagaji (timasamba tachitsulo toyezera mipata) mpata wa pa sitadi, muike mawashala ofanana ndi mpatawo. Mabawuti atatuwo akhale a utali woyenera, chifukwa mabowo ake amatulukira mkati mwa injini. Apa ndi pamenenso muyenera kukhala ndi masipanala a mainchi ndi a Whitworth. A mamilimita amangowononga mitu ya mabawuti.

Poti mwafika kale pamenepo, gwirani sipuloketi yakutsogolo muigwedeze. Nati yake imamasuka mobwerera, ndiye kuti mumazungulira ngati mukumanga, ndipo imatsekedwa ndi kapuleti ka kasikuluu kamodzi. Natiyi ikakhwepa sipuloketi imayenda cham'mbali n'kumatenga tcheni. Ikakhala yothina koma sipuloketi n'kumagwederabe pamodzi ndi shafiti, ndiye kuti beling'i yaikulu ya giyabokosi kapena mabushi a mkati mwa giya imene sipuloketiyo imakhalapo atha, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso oyilo wa giyabokosi akudontha pa silo yakuseri. Werenganinso mano. Commando zambiri zinatuluka ndi mano 19, zina 20, 21 kapena 22, ndipo eni ake amakonda kukweza kuti injini ipume pa liwiro. Dzino lililonse lowonjezera limakulitsa sipuloketi ndi 5 mm: ya mano 19 tcheni chimazungulira pa bwalo la 96 mm, ya mano 22 pa 111 mm. Ndiye kuti tcheni chakwera ndi 7.5 mm pamwamba ndi kutsika chimodzimodzi pansi, ndipo chimatha kupeza bawuti, payipi ya oyilo kapena mlomo wa gadi umene kale sichinkaufika.

Giyabokosi nayo imasuntha, ndipo ichi ndi chimene anthu ozolowera njinga za ku Japan amaiwala. Pa Commando zonse kupatula mtundu wa Mk3 wa 1975, tcheni cha pulayimale chimakungidwa posuntha giyabokosi yonse: imapendekera pa bawuti yapansi, ndipo yapamwamba imayenda m'kabowo kotalika. Mukasuntha giyabokosi mwasunthanso sipuloketi yakutsogolo, choncho pulayimale ndi imene imayamba, ndi mpata wogwedera m'mwamba ndi pansi wa pafupifupi 10 mm, ndipo tcheni chakumbuyo chimabwera pambuyo. Mukatembenuza ndondomekoyi chakumbuyo chimatsala chomangika kapena chokhwepa inu osadziwa. Tcheni chakumbuyo chimakoka giyabokosi kubwerera m'mbuyo nthawi zonse, ndiye pokunga ndi bwino kupitirira pang'ono kenako n'kumaliza mukukankhira giyabokosi kutsogolo, kuti chokungira, chitsulo chosunthira giyabokosiyo, chikhale chitaitchinga kale. Chokungira chinali chimodzi, mbali imodzi, ndipo mabawuti akakhwepa giyabokosi imapotoka pang'ono, sipuloketi n'kuloza pambali. N'chifukwa chake ambiri amawonjezera chachiwiri mbali inayo, ndipo n'zanzeru.

Za kukunga tcheni chakumbuyo. Tcheni chimamangika kwambiri pamene pakati pa sipuloketi yakutsogolo, popindikira swingarm ndi ekiselo yakumbuyo zili pa mzere umodzi. Pa sitandi yapakati tayala limalendewera ndipo tcheni chimaoneka chokhwepa kuposa mmene chilili pamsewu. Mpata wogwedera m'mwamba ndi pansi wa 19 mpaka 25 mm uyezedwe pakatikati, munthu atakhala pampando, matayala ali pansi, ndipo uyezedwe pamalo pothina kwambiri mutazungulitsa tcheni chonse. Kuti musakayike, masulani mashoko pansi, kwezani tayala ndi jeke mpaka malo atatu aja atalunjikana, muonetsetse kuti patsala kampata ka 10 mm kapena kuposerapo pang'ono. Pitirizani kukweza mpaka pamene shoko likanathera, kenako tsitsani mpaka pansi, mukuyang'ana chimene tcheni chikuyandikira. Mashoko aatali kuposa oyamba amatsitsa swingarm, ndipo mbali yapamwamba ya tcheni imayamba kugona pa chitsulo pafupi ndi popindikira. Tcheni chothina sichiletsa kukwecha, chimangowonjezera zina: chimapinda shafiti ya giyabokosi, kupha mabeling'i, ndipo thupi la giyabokosi imeneyi limadziwika kuti limang'aluka pakati pa mabowo a mabeling'i awiriwo.

Tcheni chakutha chimagwedera cham'mbali kuposa chatsopano, ndiye yezani musanapite patali. Chikokeni chiwongoke, muyeze kuchokera pakati pa pini yoyamba mpaka pakati pa pini ya 21. Chatsopano chimapereka 317.5 mm. Chikafika 323 mm chatha, ndipo chisinthidwe pamodzi ndi masipuloketi ngati mano ayamba kukhota.

Kumbuyo kuli zinthu zitatu zimene zimasokoneza mzere. Choyamba ndi ekiselo yokhota. Musakhulupirire kuwerenga maulendo a mabawuti okungira mbali ziwirizo. Panani kandodo kachitsulo kowongoka, ka masentimita 40 kapena 50, pa nkhope ya sipuloketi yakumbuyo, kaloze kutsogolo, muone ngati kakuyenda limodzi ndi tcheni kapena kakupatuka. Mano a sipuloketi amanenanso zoona: akawala mbali imodzi yokha, tcheni chakhala chikuyenda mokhota kwa nthawi yaitali. Chachiwiri ndi dilamu ya buleki. Pa Commando zambiri imazungulira pa beling'i yakeyake ya mizere iwiri, yogwidwa ndi sekilipu (kamphete kachitsulo kotsekera), pa kaekiselo kakafupi kamene kamatsala pa swingarm mukachotsa tayala. Kamzere kamene sekilipuyo imakhalamo kamatha kubenthuka, beling'i n'kusuntha, dilamu yonse ndi sipuloketi yake n'kulowera mbali. Mangani kawaya pa swingarm kuti nsonga yake iyandikire nkhope ya sipuloketi, zungulitsani tayala. Kugwedera kopitirira theka la milimita kukupatseni chifukwa chomasulira. Masipesa ndi mawashala a pa ekiselo nawo amasokonezeka kapena kusowa munthu akamanganso tayala mothamanga, ndiye afananizeni ndi chithunzi cha m'buku la zipangizo za chaka cha njinga yanuyo, popeza sanali ofanana zaka zonse.

Chachitatu ndi swingarm yeniyeniyo, ndipo apa Commando ndi yosiyana ndi njinga zina. Injini, giyabokosi ndi swingarm zonse zimamangidwa pa kafelemu kamodzi kamkati, ndipo kafelemuko kamalumikizidwa ku felemu yaikulu kudzera pa mphira za Isolastic. Tanthauzo lake pa nkhani yathuyi ndi lakuti Isolastic zikatha, masipuloketi awiriwo amakhalabe pa mzere umodzi, popeza amasunthira limodzi. Chimene chimasintha ndi mpata wa pakati pa zinthu zonsezi ndi felemu, madigadi kapena ekizozi. Mpata wa m'mbali wa Isolastic umene buku limapereka ndi 0.25 mm. Koma musataye tsiku lonse pamenepo ngati chipsera chili pa kava ya pulayimale. Isolastic sizingachititse zimenezo. Chimene chingachititse ndi kugwedera kwa swingarm pa kafelemu kaja. Mabushi ake ndi a mkuwa womwa mafuta, ndipo amafuna oyilo wokhuthala wa EP140, osati girizi, amene amatseka timabowo n'kuwasiya ouma. Komanso chitsulo chimene swingarm imapindikirapo chimagwidwa pakati ndi kabawuti kamodzi kakang'ono pa njinga zambiri zoyambirira, ndipo m'kupita kwa zaka chimakulitsa bowo lake. Gwirani tayala kumbuyo, likankheni uku ndi uku, wina ataika chala pakati pa swingarm ndi kafelemuko. Milimita imodzi ya kugwedera pamenepo imakhala yochulukirapo ku ekiselo, ndipo pamsewu tcheni chikakoka chimapotolera tayala lonse mbali yake. Vuto lotere limamveka pokhapokha mukawonjezera moto, pa sitandi zonse zimaoneka bwinobwino.

Tayala ndi nkhani yaifupi. Loyamba pa Commando zambiri linali 4.10 pa limu ya mainchi 19, ndipo 100/90-19 ndi limene limayandikana nalo. Lokulirapo limayamba kudya gadi kenako tcheni. Ngati kukula kuli koyenera koma likukhudzabe, limu inalukidwa molakwika: malimu a njingayi sakhala pakati penipeni pa habu, chitsulo cha pakati pa tayala, ndipo woluka masipoko amene sanayeze asanadule akale amaika pakati mwachizolowezi.

Amene amakonza Honda CG125 zakale, ngakhale njinga za kabaza zotengera kapangidwe kake zimene zadzaza misewu ya ku Malawi, angagwiritse ntchito ndondomeko yomweyi ngakhale kuti giyabokosi yake siisuntha. Kumeneko tcheni ndi 428, mapini otalikirana 12.7 mm, mfundo 20 zatsopano ndi 254 mm ndipo zikafika 259 mm chatha. Cha 428H chili ndi mapuleti okhuthala, ndipo m'bokosi lotsekera tcheni lopindika kale chimagogoda pamene 428 wamba chinkadutsa. Mphira za mu habu zikatha, kapena manati a sipuloketi akakhwepa chifukwa cha katundu wolemera, sipuloketi imagwedera n'kupereka zizindikiro zomwe zija za dilamu ya Norton.

Mukakonza chimene mwapeza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, pakaninso inki pamalo onse aja, ndipo yendani makilomita 10 okhala ndi chitunda, mabampu ndi kona za mbali zonse, mutanyamula munthu ngati mumayenda awiri. Pobwera yang'anani inki, gwirani loko ya joyini muone ngati ili m'malo mwake, ndipo yezaninso mpata wa matcheni onse awiri injini idakali yotentha, chifukwa cha pulayimale chimathina aluminiyamu akafutukuka. Tcheni chatsopano chopanda mphira chimatamuka msanga pa makilomita 200 kapena 300 oyamba, ndiye muchikungenso pamenepo chisanayambe kumenya gadi.